Majumbo Khumi ndi Wodwala Nambala 7

LOLEMBA

M'mawa, m'sitima ya ku tawuni. Kope pabondo, chigongono cha munthu m'nthiti.

Sabata yake ndi ino. Lachisanu 2 koloko ndikaima pamaso pa akuluakulu atatu a kuchipatala kukafotokoza kafukufuku wanga. Malo a felosipi ndi amodzi, ofuna tilipo awiri, ine ndi Palesa. Wopambana akhala chaka chathunthu mu wodi ya odwala mtima, kuyenda ndi madokotala bedi ndi bedi, iwo n'kumamufunsa iyeyo za mankhwala. Wogwa abwerera pawindo la famase. "Limodzi m'mawa, limodzi madzulo, wotsatira!" mpaka imvi.

Digiri ndili nayo. Zaka ziwiri za rezidensi, maphunziro apamwamba aja oti famasisiti azigwira ntchito mu wodi momwemo, ndatsiriza mwezi uno. Pawindo sindibwererapo, ndalumbira.

Profesa amene amatiyang'anira anandiuza kuti, "Usandibweretsere za m'mabuku. Uli ndi anthu ako amene palibe anawafunsapo kanthu. Kaone mmene amamwera mankhwala kunyumba." Chilolezo cha kafukufuku chatenga miyezi iwiri, changotuluka sabata yatha. Kafukufuku wa Palesa ndi wa m'mafayilo a mu wodi. Anamaliza kalekale, panopa akusankha nsapato zodzavala.

Pulani yanga, yosavuta ngati kumwa madzi:

1. Amalawi khumi a BP kapena shuga, a kutchalitchi kwathu kuno kuchilendo ku Mamelodi.
2. Aliyense jumbo imodzi. Aikemo mankhwala AKE onse, mmene alili, m'mabokosi mwake.
3. Fomu ya mafunso sikisi.
4. Achibale ayi. Ndi lamulo.
5. Ndiwerenge, ndifotokoze, ndipambane.

Dzulo ndinalengeza m'tchalitchi. Ndinafotokoza kawiri, pang'onopang'ono, m'Chichewa cha ku Ntcheu chenicheni. Amayi Nabanda, wapampando wa mvano, anaimirira. "Mwamva? Mwana wathu akulemba mayeso. Tisamuchititse manyazi." Anthu m'manja phwaphwaphwa! Ine misozi lengelenge. Anthu akwathu ndi abwino, abale!

Madzulo. Amalume abwera ku ntchito mutu uli ndi maluwa a jakaranda. Ndi mlongo wawo wa mayi anga, amagwira gadeni ku Waterkloof, ndipo sukulu yonseyi ndaphunzira ndi thukuta lawo. Chipinda chawo chayang'anizana ndi changa, kuseri kwa nyumba ya alandilodi. Nawonso ndi a BP. Akufuna jumbo yawo.

Ndawakaniza. Achibale ayi.

"Ndiye malume ndi woipa pa mayeso, koma pa fizi anali wabwino?"

Ndaseka. Ndawafunsa ngati akumwa awo. Akuti akumwa. Akuti mutu ukuwawa pang'ono, ndi dzuwa. Ndawauza azimwa madzi ambiri, uku maso ali pa mafomu anga.

LACHIWIRI

Majumbo sikisi afika! Tsiku limodzi! Palesa akagwere uko.

Koma akulemera. Munthu wa BP amakhala ndi mabokosi awiri, atatu. Awa ngati akuchokera kogula zapakhisimisi.

Ndatsegula pakama. Zomwe ndapeza:

Nambala 1, Amayi Nabanda. Awo enieni a shuga alimo, Mulungu adalitsidwe. Pamwamba pake mabokosi ena khumi ndi anayi, maina a azungu atatu osiyanasiyana.

Nambala 2, abambo a zaka sikisite amene amaimba besi mu kwaya. Mapiritsi a amayi osiya kusamba.

Nambala 3. Mankhwala a m'maso, anatha mphamvu ndisanayambe yunivesite.

Nambala 4, Abambo Jumbe a gadeni ku Garsfontein. Botolo la mapiritsi akuluakulu a nyamakazi, dzina la wodwala Bruno. Ndawaimbira. Bruno ndani? "Galu wa madamu. Anamwalira chaka chatha. Koma anali amphamvu kwambiri amenewo, Adokotala, galuyo ankachita kudumpha geti."

Sindine dokotala. Ndanena kambirimbiri. Zilekeni.

Nambala 5 ndi 6 ndi banja limodzi. Agawana pakati ndi pakati kuti pasakhale wopepukidwa.

Mafomu nawo! Mumamwa tsiku lililonse? Eya. Mumaiwala? Ayi, zikomo. Muli ndi vuto lililonse ndi mankhwala anu? Ayi, Mulungu akudalitseni. Onse sikisi. Kutchalitchi kwathu kulibe woiwala, kulibe wodandaula. Tikanakhala otere bwenzi zipatala zitatsekedwa.

Ndathamangira kwa Amayi Nabanda. Ndawafunsa mwaulemu, manja pamodzi, kuti enawa achokera kuti.

Akuti sikuti aba. Amenewa ndi aja madamu amati kataye akamakonza kabati ya kubafa. Ndiye ndani angataye mankhwala? Amasungidwa m'katoni, wina akamapita kumudzi amanyamula.

Ndati Amayi, ndinapempha anu okha.

"Tinamva bwinobwino, mwanangu. Koma jumbo ya timabokosi tiwiri ungapite nayo kwa maprofesa? Akati Amalawi ndi amphawi mpaka pa matenda."

Eish.

Palibe kanthu. Maina ali pa mabokosi. Ndipatula a eni ake, a madamu paokha, a Bruno paokha. Ntchito ya maola awiri. Ndidakali pa mpikisano.

LACHITATU

5 koloko m'mawa. Ndikutsegula chitseko, jumbo ili lende pa chogwirira. Yopepuka!

Nambala 7.

Mabokosi atatu a mapiritsi a BP, aja okodzetsa. Miyezi itatu yotsatizana, madeti akuoneka bwino. Onse osatsegula. Pamene panali dzina padulidwa ndi sizasi, mwaluso, mzere wowongoka ngati mpanda wa maluwa.

Fomu yalembedwa ndi zilembo zikuluzikulu. Dzina: MUNTHU. Mwamuna, zaka 58.

Mumamwa tsiku lililonse? AYI.

Ayi! Ayi woyamba mu kafukufuku yense! Ndavina ndekha m'chipinda, thawulo lili m'mutu. Munthu weniweni, wosamwa mankhwala miyezi itatu yathunthu! Mulungu amakonda ana ake.

Funso lomaliza, ngati simumwa, chifukwa chiyani? Wayankha liwu limodzi. SITIMA.

Sitima yatani? Ndafunsa za mapiritsi, osati za ulendo. Mwina sanamve funso. Yankho limenelo ndilisiya, lingandiwonongere tebulo.

Jumbo imeneyi, pamodzi ndi fomu yake, ndaiika m'chikwama changa, ndiyenda nayo. Golide sasiyidwa pakama.

Amalume atuluka kale, akuthamangira sitima yoyamba. Ndangomva geti.

Masana, kuchipatala. Tikuzungulira mu wodi. Dokotala wamkulu wafunsa za mankhwala awiri amene sagwirizana, ndayankha asanatseke pakamwa. Profesa wagwedeza mutu. Palesa wagula nsapato zija, zakuda, zogogoda. Wandifunsa kuti zikuyenda bwanji. Ndati shapu. Wati, "Ndimakusirira, iwe uli ndi anthu." Ndatsala pang'ono kumuuza kuti atenge, ndimupatsa ulere pamodzi ndi galu.

Ndatumiza uthenga kwa Amayi Nabanda kuti chonde, majumbo atatu otsalawo akhale a mankhwala a eni ake okha, ngakhale litakhala bokosi limodzi. Ndiponso akwana, asabweretse ena.

Madzulo. Majumbo alipo 23.

Akuti uthenga wanga unawerengedwa pa foni kwa amayi onse, ndipo agwirizana kuti ndikuchita manyazi kupempha. Mwana woleredwa bwino amatero. Mpaka a mpingo wina amva. Wina wabweretsa ndodo yoyendera. Wina mano oikirira, m'kapu yake.

Pogona palibe. Ndaunjika pansi, ndadutsa chammbali ngati nkhanu.

Amalume asuzumira pakhomo, akusisita pakhosi kumbuyoku. "Zikuyenda, mayi?" Ndati Amalume, chonde, mutu wanga wadzaza. Abwerera mwakachetechete.

Mawa ndipempha kuweruka masana. Ndipatula zonse. Maina ali pa mabokosi, ndangogwira pamenepo.

LACHINAYI

Ndaiwala kuti lero ndi Lachinayi.

Ine, wobadwira mu mpingo, ndaiwala kuti Lachinayi amayi a m'makhitchini a azungu amapuma, ndipo ndi tsiku la mvano. Kiyi ndimasiya kwa alandilodi.

Ndafika 2 koloko. Ndili pa geti ndikumva nyimbo. Kuseri utsi.

Amayi asanu ndi atatu, mayunifolomu oyera mbee, akhala bwalo pakhomo panga. Abwera kudzandithandiza.

Zimene andithandiza:

Achotsa mapepala onse a maina. Akuti dzina la madamu likakafika kwa maprofesa, wina ntchito imuthera. Pamenepo sindingawatsutse.

Atulutsa mapiritsi onse m'mabokosi ndi m'timapepala tawo tonyezimira. Akuti zimadya malo.

Mabokosi awotcha. Ndiwo utsi uja.

Mapiritsi awasanja m'mabotolo a mayonezi otsukidwa bwino. Oyera paokha. Apinki paokha. Achikasu paokha. Makapisozi botolo lawolawo, "chifukwa ndi okongola."

Mafomu anali ndi zolemba zoipa, ndiye mlembi wa mvano wakopera onse pa mapepala atsopano ndi dzanja lake labwino lija. Mayankho wawafananitsa kuti asasemphane.

Mabotolo asanu ndi awiri ali ndandanda pawindo, dzuwa likuwala mkati. Kunena zoona ndi okongola. Muli a shuga, a mtima, a tulo, a Bruno. Palibe munthu padziko lapansi angadziwe kuti ili ndi la ndani. Ngakhale Profesa.

Ndaima. Ndayang'ana mabotolo, ndayang'ana amayiwo. Zaka ziwiri ndaphunzira kulankhula ndi dokotala wolakwitsa mopanda mantha. Palibe anandiphunzitsa kukalipira amayi asanu ndi atatu amene ataya tsiku lawo limodzi lopuma chifukwa cha ine.

Ndati zikomo kwambiri.

Ndagwada n'kugwada komwe!

Atipempherera, ine ndi mabotolo. Amayi Nabanda apempha kuti maprofesa aone kuchuluka kwake, mitima yawo ifewe.

Atangopita ndathamangira kwa aliyense amene ndikudziwa kuti ndi wa shuga kapena BP, kufunsa ngati wapereka ake enieni onse. Ndapeza atatu. Ndawalembera kalata, mawa m'mawa apite ku kiliniki akatenge ena. Kafukufuku wanga wakwanitsa chinthu chimodzi: anthu amene ankamwa mankhwala tsopano alibe.

Ndalira pang'ono kuseri kwa chimbudzi. Kenako ndakumbukira chikwama.

Nambala 7 ali moyo!

Pulani yatsopano. Palibenso za anthu khumi. Ndikamba za munthu mmodzi, mozama. Ndabwerera ku tawuni, laibulale isanatsekedwe. Kompyuta, disiketi, mapepala apulasitiki oonetsera pakhoma asanu ndi limodzi. Mutu wake: Wodwala Wosamwa Mankhwala. Ndaikamo zonse, mmene piritsi limagwirira ntchito mu impso, zimene BP yosasamalidwa imachita ku ubongo, ku maso, ku mtima. Zaluso zedi. Mwina Mulungu anatuma amayi aja kuti ndione njira.

Amalume akana chakudya chamadzulo. Akuti maso akuchita chifunga, agona msanga. Andifunira mafuno abwino. Ndati zikomo, ndikuyeserera mawu oyamba pagalasi.

LACHISANU

Jekete loyera ndasita kawiri.

Palesa wayamba. Nsapato go go go. Mizere yokwera, mizere yotsika, mafayilo mazanamazana. Palibe fayilo imene inamuthandiza powotcha fayilo inzake. Amufunsa mafunso awiri, wayankha, wakhala.

Ine. Za mabotolo ndanena mwachidule kuti panali zovuta zina pa kasonkhanitsidwe. Ndalowa pa Nambala 7. Mawu akutuluka okha. Impso, ubongo, mtima. Ndaika mabokosi atatu aja patebulo, osatsegula, kuti adzionere. Ndaona mmodzi wa akuluakulu akulemba. Mumtima ndati Palesa, nsapatozo ukavala pawindo.

Mafunso.

Dokotala wa mtima, bambo wa mawu ofatsa: "BP yake lero ili bwanji?"

Sindinamuyeze.

"Ali kuti?"

Sindikumudziwa. Dzina anadula.

"Jumbo inafika liti?"

Lachitatu.

"Ndiye kuyambira Lachitatu mukudziwa kuti pali bambo wa zaka 58, woyandikana nanu mpaka kufika pakhomo panu, amene sanamwe mankhwala miyezi itatu. Mwatiuza bwino kwambiri zimene zingamuchitikire. Mwachitapo chiyani kuti mumupeze?"

Ndinali kukonza mapepala oonetsera pakhoma. Sindinanene choncho. Ndangoyang'ana mabokosi.

Profesa watenga fomu ija, waitembenuza. Waloza funso lomaliza, akufuna ndimumasulire liwulo. Ndamasulira. Wati, "Sitima yatani?" Ndati sindikudziwa, ndinaona ngati si yankho.

Wavula magalasi. "Munthu mmodzi yekha wakuuza zoona, ndipo iwe sunamve."

5 koloko pepala lamatidwa pa bolodi. Dzina limodzi. Si langa.

Ndamukumbatira Palesa. Wayenera, ndisaname. Zikundiwawa mpaka m'mano.

M'sitima ndaima njira yonse. Pa geti ndapeza uthenga wa Amayi Nabanda kwa alandilodi, akufunsa ngati mabotolo anakwana.

LOWERUKA

Sindikufuna kuona munthu. Koma mabotolo sangakhale pawindo, pano pamadutsa anthu ambiri. Ndiwatsekera m'katoni, Lolemba akawonongedwe kuchipatala.

Ndapita kwa Amalume kukabwereka tepi yomatira. Ali pakama, nsalu yonyowa pamphumi. Loweruka sagona masana munthu ameneyu. Akuti tepi ili m'chitini cha mabisiketi.

M'chitini muli tepi, singano, mabatani, sizasi. Ndi timapepala titatu todulidwa mowongoka. Dzina lawo, dzina lawo, dzina lawo.

Zaka 58. Ndinaphika ndine keke yake mu Epulo.

Ndakhala pansi, pasimenti pomwepo.

"Unati achibale ayi. Ndiye ndinachotsa chibalecho."

Ndafunsa za sitima. Ayang'ana kukhoma. Munthu wamkulu kuuza mwana wa mlongo wake zoterezi si zapafupi.

Piritsi lija akamwa 5 koloko, pofika pakati pa njira chikhodzodzo chadzaza. M'sitima mulibe chimbudzi. Anthu ali thithithi, potulukira palibe. Tsiku lina anatsika pa siteshoni ya pakati, sitima n'kuwasiya, ku Waterkloof anafika mochedwa, madamu nkhope ili gwa. Tsiku lina sanathe kutsika. Sananene zambiri za tsiku limenelo. Anangoti anavula jekete n'kumanga m'chiuno, ndipo kuyambira pamenepo sanamwenso. Ku kiliniki amapitabe mwezi uliwonse kukatenga, kuti anesi asakhumudwe.

Ndati Amalume, bwanji osamwa mukafika ku ntchito? 7 koloko ndi m'mawa womwewo!

"Wa pawindo anati ndikangodzuka. Pa bokosi analembanso. Ine ndine ndani kutsutsa bokosi?"

Bwanji osandifunsa ine?

"Umakhala wotanganidwa ndi odwala."

Ndatenga makina oyezera BP. Ndayeza. Ndayezanso mkono winawo poganiza kuti makina afa. Makina ali bwino.

Tekisi, kiliniki, msangamsanga. Adokotala awagoneka maola atatu, awapatsa mankhwala, ayezanso, yatsika pang'ono. Akuti tabwera nthawi yabwino, sabata ina ikanakhala nkhani ina. Andifunsa ngati pakhomo pali wina amene angamawayang'anire. Amalume, monyadira: "Uyu ndi famasisiti wa maphunziro apamwamba." Adokotala andiyang'ana. Ndikanakonda pansi patang'ambika.

Kenako pamzere wa famase, ine kunja kwa windo koyamba m'zaka zambiri. Mtsikana wa mkatimo sanakweze n'komwe maso. "Limodzi m'mawa. Wotsatira!"

Liwu lake ndi langa lenileni.

Zonse zimene akuluakulu aja ankafuna, munthu, chifukwa chake, ndi chochita, zinali masitepe asanu kuchokera pakhomo panga, zikundipempha jumbo Lolemba.

LAMULUNGU

Kutchalitchi. Ndinafuna kukhala kumbuyo, andikokera kutsogolo.

Amayi Nabanda pa zolengeza: mwana wathu sanapambane, koma si chifukwa cha ife, ife mbali yathu tinachita. Mwina enawo anali ndi mabotolo ambiri. Chaka chamawa tiyamba kusonkha msanga, ndipo katoni ikhala pakhomo la tchalitchi kuyambira Januwale.

Ameni wamphamvu.

Ndaimirira kuti ndifotokoze. Ndaona nkhope zawo. Ndati zikomo kwambiri, ndipo ndapempha kuti katoniyo izibwera kwa ine, osapita kumudzi. Avomera mokondwa. Ndiye ndapeza udindo: wotaya mankhwala a madamu wa mpingo wonse. Felosipi yanga ndi imeneyo.

Abambo Jumbe akufunsa ngati a Bruno angabwezedwe, bondo likuwavuta. Ayi, Abambo. Bwerani ndikuonetseni khomo la kiliniki.

Masana. Tili pakhonde ndi Amalume, makina pakati pathu. Yatsikanso pang'ono. Chifunga m'maso chachepa. Amwa piritsi pamaso panga, ndachita kuyang'ana pakhosi likudutsa.

Andifunsa ngati jumbo yawo inachita bwino ku mayeso. Ndati yanu yokha ndiyo inali yoona.

"Ndiye unagwa bwanji?"

Ndawathirira tiyi.

Pulani ya mawa:

1. Pawindo, 7 koloko. Jekete ndi lomwe lija, ndasita kale.
2. Mabotolo asanu ndi awiri, ndodo, mano. Ndikafotokoza bwanji kuchipatala, ndikaona konko.
3. Piritsi la Amalume m'thumba la ovolosi, amwe akafika ku Waterkloof. Ndalemba pa bokosi ndi dzanja langa, poti bokosi ndilo amalimvera.
4. Aliyense wolandira okodzetsa ndimufunse amakwera chiyani popita ku ntchito. Mzere udandaule.

Amalume awerenga mndandandawu mondisuzumira paphewa. Akuti ndisataye mtima, felosipi imabwera chaka ndi chaka.

"Ukadzafuna kuyesanso undiuze msanga, mayi. Ndidzasiye kumwa kuyambira Julaye."

Akuseka. Ine sindikuseka. Sizasi ndabisa.